Khadi la ku banki pa bwalo la ndege: n'cifukwa ciyani amalifunsa?

Masiku ano anthu ambiri amagula tikiti ya ndege pa foni kapena pa kompyuta. Amalipira ndi khadi la ku banki, lija timati cartão. Ndalama zimacoka ku banki, tikiti imabwera pa foni. Koma nthawi zina nkhani siithera pamenepo. Tsiku la ulendo, pa bwalo la ndege, wogwira nchito angathe kukufunsani kuti: "Tingaone khadi limene munalipirira tikitiyi?" Ngati khadilo mulibe, ndipo mulibe pepala lina loikira umboni, angathe kukukanizani kukwera ndege, ngakhale tikitiyo inalipiridwa yonse.

Nkhaniyi ndi ya inu amene mukufuna kukwera ndege, komanso ya inu amene mumagulira acibale tikiti. Mukadziwa cifukwa cake amafunsa khadi, mudzakonzekera mukadali kunyumba, ndipo simudzataya ulendo kapena ndalama.

Kulembetsa musanakwere ndege

Ndege si chapa yoti mungoimitsa ndi dzanja n'kukwera. Mumayamba mwapita pa tebulo la kampani ya ndege, limene pa Cipwitikizi amati balcão. Pamenepo mumaonetsa BI ngati ulendo uli wa m'dziko mom'muno, kapena pasipoti ngati mukupita kunja. Wogwira nchito amafufuza dzina lanu mu kompyuta, amayeza katundu wanu pa sikelo, kenako amakupatsani kapepala kokwerera ndege. Pa kapepalako pali nambala ya mpando wanu. Nchito yonseyi amaicha check-in. Imacitika cimodzimodzi ku Lichinga, ku Chingodzi ku Tete, ku Quelimane, ku Nampula, ku Beira, ku Maputo, ngakhale ku Johannesburg.

Kale tikiti ya ndege inali kabuku ka mapepala. Kuyambira mwezi wa Junho caka ca 2008, makampani a ndege a m'bungwe la IATA anasiya matikiti a mapepalawo. Tsopano tikiti ndi nambala imene ili mu kompyuta. Nambalayo ili ndi manambala 13. Atatu oyambirira amasonyeza kampani. Mwacitsanzo, tikiti ya LAM imayamba ndi 068. Palinso kanambala kena kafupi, ka zilembo ndi manambala 6, kosonyeza malo amene akusungirani m'ndege.

Mu kompyutamo amalembanso mmene tikitiyo inalipiridwira: kaya ndi ndalama pamanja ku ofesi, kaya ndi khadi pa intaneti. Ngati linali khadi, manambala ake omalizira amaoneka. Apa ndi pamene pamacokera funso lija.

Samalani ndi liwu loti cartão, cifukwa pa bwalo la ndege lili ndi matanthauzo awiri. Cartão de embarque ndi kapepala kokwerera ndege kaja. Cartão bancário ndi khadi la ku banki. Ngati simunamve bwino limene akufuna, funsani. Kufunsa si kupusa.

Tiyeni tiliyang'ane khadilo

Ngati muli ndi khadi la ku banki, litengeni pamene mukuwerenga. Ngati mulibe, pemphani mnzanu wa m'kalasi akuonetseni lake patali, cala cake citaphimba manambala apakati.

Pa khadi pali nambala yaitali. Makhadi ambiri ali ndi manambala 16, olembedwa anayi anayi. Khadi la Visa limayamba ndi 4. La Mastercard limayamba ndi 5 kapena 2. Manambala 6 oyambirira amasonyeza banki imene inapereka khadilo. Manambala 4 omalizira ndi amene amathandiza kusiyanitsa khadi lanu ndi la munthu wina, ndipo ndi amene mumawaona pa risiti.

Palinso deti losonyeza pamene khadi lidzathere mphamvu. Ngati palembedwa 09/27, ndiye kuti khadilo ligwira nchito mpaka kumapeto kwa mwezi wa 9 caka ca 2027. Makhadi ambiri alinso ndi dzina la mwini wake. Kacitsulo kowala kaja ndi kamene makina a ATM ndi a m'sitolo amawerenga.

Tsopano litembenuzeni. Kumbuyo kuli manambala 3 okha, oima paokha. Amenewa ndi CVV. Ndi nambala ya cinsinsi yogulira zinthu pa intaneti. Makhadi ena atsopano amalemba manambala onse kumbuyo, koma tanthauzo lake n'lomweli.

Pali nambala imodzi imene siilembedwa pa khadi. Imeneyi ndi PIN, ija mumadina pa ATM. Malo ake ndi m'mutu mwanu basi.

Makhadi alipo amitundu itatu. La débito limatenga ndalama zimene muli nazo kale ku banki. La crédito limagwiritsa nchito ndalama za ngongole, zimene mudzabweze pambuyo pake. La pré-pago mumayamba mwaikamo ndalama. Onse atatu angathe kufunsidwa pa bwalo la ndege ngati anagulira tikiti pa intaneti.

Cifukwa cake amafunsa

Mukamagula sopo ndi mafuta m'sitolo ndi khadi, wogulitsa amaona khadilo ndi maso ake. Mumaliika m'makina, n'kudina PIN. Khadi lilipo, mwini wake aliponso.

Pa intaneti si conco ayi. Palibe amene amaona khadi, palibenso amene amaona nkhope ya wogula. Pamangofunika nambala yaitali ija, deti, ndi CVV. Ndiye wakuba akakopera zinthu zitatuzi, angathe kugula tikiti ya ndege ali kutali, pamene khadi lenileni lili m'thumba la mwini wake.

Mwini khadi akaona kuti ndalama zake zacoka iye osadziwa, amakadandaula ku banki. Banki ikapeza kuti n'zoona, imaitanitsa ndalamazo ku kampani ya ndege, kudzera mu Visa kapena Mastercard, n'kumubwezera. Kawirikawiri mwini khadi amakhala ndi masiku okwana 120 oti adandaule. Pofika nthawi imeneyo ndege inauluka kale, ndipo amene anakhala pa mpando uja anatsika kale. Thumba la cimanga lobedwa ungathe kukalanda. Ulendo umene munthu wayenda kale sungaulande. Kampani imataya zonse ziwiri, mpando ndi ndalama.

Conco kampani ili ndi mpata umodzi wokha wodzitetezera: munthu asanakwere ndege. N'cifukwa cake funso limabwera pa check-in.

Vutoli si laling'ono. Mu mwezi wa Novembro caka ca 2014, apolisi a maiko 45, motsogoleredwa ndi bungwe la Europol, anacita cipikisheni pa mabwalo a ndege oposa 80. Anagwira anthu 118 okhudzidwa ndi matikiti ogulidwa mwacinyengo.

Ndiye akakufunsani khadi, musakhumudwe. Sakunena kuti ndinu mbala. Wogwira nchitoyo akungotsatira zimene kompyuta yamuuza. Ndipo taganizani: nanga likanakhala khadi lanu limene munthu wina waba manambala ake? Funso lomweli ndi limene likanamuimitsa.

Kodi amafunsa aliyense?

Ayi. Anthu ambiri amakwera ndege osafunsidwa. Kampani iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo kompyuta ndi imene imasankha matikiti ofunika kuwaonanso. Zinthu zimene zimaicititsa kukayikira ndi monga izi:

- Dzina la pa khadi ndi losiyana ndi dzina la pa tikiti.
- Tikiti yagulidwa patatsala maola ocepa kuti ndege inyamuke.
- Khadi ndi la dziko lina, koma ulendo ukuyambira dziko lina.
- Tikiti ndi yodula kwambiri, kapena ndi yongopita yokha popanda kubwerera.
- Wogula anayesa makhadi angapo asanapambane.

Tawerenganinso mndandandawu. Mwaona kanthu? Izi ndi zimene zimacitika m'mabanja athu. Mwana ali pa nchito ku Joni, amayi adwala kumudzi ku Angónia, akufunika kupita ku cipatala cacikulu ku Maputo. Mwanayo amagula tikiti usiku womwewo ndi khadi lake la ku South Africa, m'dzina la amayi ake. Kapena kwagwa maliro, amalume ali ku Lisboa agulira mphwawo tikiti ya mawa. Palibe cinyengo ciliconse. Koma kwa kompyuta, kagulidwe kameneka kamafanana ndi ka akuba. Ndiye anthu oona mtima, amene ali pa mavuto kale, ndi amene amakumana ndi funsoli.

Mungadziwe bwanji kuti adzakufunsani? Coyamba, werengani uthenga wonse umene unabwera ndi tikiti, mpaka tizilembo ting'onoting'ono ta m'munsi. Ngati akufuna khadi, kawirikawiri amalemba pamenepo. Ngati uthengawo uli m'Cingerezi kapena m'Cipwitikizi covuta, pemphani munthu wodalirika akuwerengereni. Caciwiri, ngati mwayesa kucita check-in pa foni koma ikukana, n'kukuuzani kuti mupite pa balcão, cingakhale cizindikiro coti akufuna kuona khadi kapena mapepala anu.

Amene anagula tikiti ndi ndalama pamanja ku ofesi ya kampani, kapena ku agência de viagens yovomerezeka, nkhani ya khadiyi siiwakhudza. Iwo angosunga risiti.

Zimene amaona ndi zimene sayenera kufunsa

Kuona khadi sikutenga nthawi. Wogwira nchito amayerekeza manambala omalizira a pa khadi ndi amene ali mu kompyuta. Amaonanso ngati dzina la pa khadi likugwirizana ndi la pa BI kapena pasipoti. Zikagwirizana, amakubwezerani khadi n'kukupatsani kapepala kokwerera ndege. Kuona kumeneku n'kwaulere. Sacotsa ndalama ina iliyonse.

Tsono mvetsetsani apa, pakuti ndi pamene pali ngozi. Kuonetsa khadi n'kosiyana ndi kupereka cinsinsi ca khadi.

- Musauze munthu aliyense PIN. Wa ndege, wa ku banki, wapolisi, palibe amene ali ndi ufulu woifunsa.
- Musalole munthu kulemba CVV papepala kapena kujambula khadi lanu ndi foni yake.
- Musauze munthu nambala imene banki yakutumizirani pa SMS.
- Khadi lisacoke pamaso panu. Ngati akufuna kukaonetsa mkulu wawo, pitani nawo limodzi kapena pemphani kuti mkuluyo abwere.
- Onetsani khadi kwa munthu amene ali pa balcão ya kampani, wovala yunifomu ndi ciphaso ca nchito. Munthu wokumana naye panja, amene akuti "Bwerani ndikuthandizeni, mayi," musam'patse khadi.

Nthawi yokha imene PIN imafunika ndi pamene mukulipira cinthu catsopano, monga katundu wopitirira muyeso. Pamenepo amakupatsani makina a POS. Werengani mtengo umene walembedwa pa makinawo, dinani PIN nokha mutaphimba ndi dzanja, ndipo tengani risiti.

Ngati anakulipirirani ndi munthu wina

Apa ndi pofunika kukonzekera kwambiri. Mwini khadi akakhala kuti akuyenda nanu ulendo womwewo, palibe vuto: aonetsa yekha. Vuto limabwera iye akakhala kwina.

Njira yabwino koposa ndi yakuti mwini khadi alankhule ndi kampani ya ndege tsiku lomwe wagula tikiti. Aimbe pa nambala imene ili pa tikitiyo, anene kuti: "Ndagulira amayi anga tikiti ndi khadi langa, koma ine sindiyenda nawo. Mukufuna ciyani?" Makampani ena amalola kuti mwini khadi apite ku ofesi yawo ya m'tauni imene akukhala, kapena ku bwalo la ndege lapafupi, akaonetse khadi ndi ciphaso cake. Akatero amalemba mu kompyuta kuti khadi laonedwa, ndipo wapaulendo safunsidwanso.

Makampani ena amafuna kuti wapaulendo anyamule mapepala atatu:

1. Fotokope ya khadi.
2. Fotokope ya BI kapena pasipoti ya mwini khadi.
3. Kalata ya cilolezo yosainidwa ndi mwini khadi.

Pojambula khadi, phimbani manambala apakati ndi kapepala. Siyani 6 oyambirira ndi 4 omalizira okha, pamodzi ndi dzina. Ngati akufunanso kumbuyo, phimbani CVV. Cithunzi ca khadi cosaphimba cikagwera m'manja olakwika, ndalama zonse zingathe kupita. Musacitumize pa gulu la WhatsApp la banja. Tumizani kwa wapaulendo yekha, ndipo ulendo ukatha acifufute.

Kalata ya cilolezo siifunika kutalika. Ilembedwe m'Cipwitikizi kapena m'Cingerezi, ndipo mukhale zinthu izi: dzina lonse la mwini khadi, manambala 4 omalizira a khadi, dzina lonse la wapaulendo monga lilili pa BI, kumene ndege ikucokera ndi kumene ikupita, tsiku la ulendo, nambala ya tikiti, nambala ya foni ya mwini khadi, deti ndi siginecha. Ingathe kuyamba motere:

Eu, ........, titular do cartão terminado em ........, autorizo o uso do meu cartão na compra do bilhete de ........

Tanthauzo lake n'lakuti: Ine uje, mwini khadi lothera ndi manambala akutiakuti, ndalola kuti khadi langa ligulire uje tikiti.

Sindikizani mapepalawa, musadalire foni yokha. Foni imatha moto, netiweki imasowa. Ndipo tsiku la ulendo, mwini khadi foni yake ikhale yoyatsa, kuti akamuimbira ayankhe.

Cinthu cimodzi musacite: kutumiza khadi lenileni ndi wapaulendo, pamodzi ndi PIN. Khadi ndi la mwini wake yekha, ndipo banki siilola kubwereketsa. Komanso dzina la pa khadi silidzagwirizana ndi BI ya wapaulendo, ndiye mafunso adzangoculuka.

Kwa inu amene muli kutali ndipo mukufuna kuthandiza acibale, palinso njira ina yosavuta. Tumizani ndalama, iwo akagule okha tikiti ku ofesi ya kampani kapena ku agência yodziwika, atenge risiti. Pamenepo nkhani ya khadi palibenso.

Ngati khadi linatayika kapena linatha

Anthu ena amagula tikiti kukadali miyezi itatu kapena inayi. M'kati mwa nthawi imeneyi khadi lingathe kutha mphamvu, kuthyoka, kumezedwa ndi ATM kapena kubedwa.

Ngati khadi latha mphamvu ndipo banki yakupatsani latsopano, musafulumire kutaya lakale ngati munagulira tikiti imene simunayendere. Lisungeni pamalo abwino mpaka mutabwerako. Tsiku la ulendo nyamulani onse awiri.

Ngati latayika kapena labedwa, coyamba imbirani banki nthawi yomweyo kuti alitseke. Kenako pitani ku banki mukapemphe extracto, pepala losonyeza ndalama zimene zinalowa ndi kutuluka. Pa pepalalo pazioneka tsiku limene munagula tikiti, dzina la kampani ya ndege ndi ndalama zimene munalipira. Pemphaninso kalata yonena kuti khadi lakale linali lanu. Mukatero dziwitsani kampani ya ndege kukadali masiku, musadikire tsiku la ulendo.

Palinso makhadi amene ali mu foni mokha, opanda pulasitiki yogwira m'manja. Ngati munalipira ndi khadi lotere, konzekerani kutsegula pulogalamu ya banki pa foni yanu n'kuonetsa dzina ndi manambala omalizira. Foni ikhale m'manja mwanu. Nyamulaninso extracto.

Mwafika pa balcão, khadi mulibe

Zikacitika, musakalipe ndipo musathawe. Lankhulani mwaulemu: "Pepani, acimwene, tikitiyi anandigulira mwana wanga. Ndingacite ciyani?" Onetsani zonse zimene muli nazo. Imbirani mwini khadi pomwepo. Pemphani kuonana ndi mkulu wa pa balcão, amene amamucha supervisor, cifukwa iye ali ndi mphamvu zoposa za wolembetsa.

Pali zinthu zitatu zimene zingacitike. Angathe kukhutira ndi umboni wanu n'kukulolani kukwera. Angathe kukuuzani kuti mulipirenso tikitiyo pomwepo ndi khadi lina kapena ndi ndalama pamanja. Zikatero, ndalama zoyamba zija kawirikawiri amazibweza ku khadi lomwe linalipira, osati m'manja mwanu, ndipo zimatenga masiku kapena masabata. Kapena angathe kukukanizani kukwera ndege ya tsiku limenelo.

Ngati mwalipiranso, funsani mtengo musanapereke ndalama, cifukwa tikiti yogula tsiku la ulendo imakonda kudula. Tengani risiti ya kampani. Pemphani kuti akulembereni mmene ndalama zoyamba zidzabwerere. Ndalama yopatsa munthu m'manja mobisa kuti "akonze zinthu" si malipiro, ndi ciphuphu, ndipo ingakuikeni m'mavuto ena.

Zonsezi zimafuna nthawi. Balcão imatsekedwa ndege isananyamuke, ndipo ikatsekedwa palibenso kukambirana. Fikani kukadali maola 2 ngati ulendo uli wa m'dziko muno, ndi maola 3 ngati mukupita kunja. Kwa inu ocokera kutali, monga ku Metangula kupita ku Lichinga, ku Ulónguè kupita ku Tete, kapena ku Milange kupita ku Quelimane, kubwerera kunyumba kukatenga pepala loiwalika n'kosatheka. Onani mapepala anu musanakwere chapa.

Cenjerani ndi matikiti ochipa kwambiri

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamapezeka anthu onena kuti amagulitsa matikiti a ndege pa theka la mtengo. Amati ali ndi m'bale wawo "m'kati". Amakuuzani kuti mutumize ndalama pa M-Pesa kapena pa e-Mola, ndipo patapita kanthawi tikiti imabweradi pa foni, dzina lanu lilipo, nambala iliponso.

Nanga iwo amapindula bwanji pogulitsa mochipa conco? Nthawi zambiri yankho ndi ili: tikitiyo aigula ndi manambala a khadi lobedwa. Iwo sanalipire kalikonse. Ndalama zimene mwatumiza zonse ndi phindu lawo. Mwini khadi akadandaula, kampani imaimitsa tikitiyo. Kapena mumafika pa balcão, akufunsani khadi la munthu amene simunamuonepo. Mukaimba foni ya wogulitsa uja, yazima. Mwataya ndalama, mwataya ulendo, ndipo apolisi angathe kukufunsani mafunso, cifukwa dzina limene lili pa tikiti yacinyengoyo ndi lanu.

Gulani tikiti ku ofesi ya kampani ya ndege, pa tsamba lake lenileni la pa intaneti, kapena ku agência imene ili ndi ofesi yooneka ndi maso ndipo imapereka risiti. Ngati mukukayikira tikiti imene muli nayo kale, pitani nayo ku ofesi ya kampani, aione mu kompyuta, akuuzeni mmene inalipiridwira.

Nambala ya pa SMS

Mwina munaonapo kuti pogula cinthu pa intaneti, banki imatumiza nambala pa foni yanu, ndipo malonda satheka mpaka mutailemba. Njira imeneyi dzina lake ndi 3-D Secure. Visa inaiyambitsa mu 2001. Masiku ano pa makhadi a Visa imachedwa Visa Secure, pa Mastercard imachedwa Identity Check.

Nambalayo imagwira nchito kamodzi kokha, kwa mphindi zocepa. Imatsimikizira banki kuti amene akugula ali ndi foni ya mwini khadi. Tikiti ikagulidwa motere, kampani ya ndege imakhala yotetezeka, ndiye siikhala ndi cifukwa cacikulu cofunsira khadi pa bwalo la ndege. Komabe ufulu wofunsa imakhala nawobe, conco khadi nyamulani ndithu.

Kuti njirayi ikutetezeni, nambala ya foni imene munalembetsa ku banki ikhale imene mukugwiritsa nchito. Mukasintha nambala, kadziwitseni a banki. Ndipo SMS yotere ikabwera inu musanagule kanthu, dziwani kuti wina akuyesa khadi lanu. Musauze aliyense nambalayo. Imbirani banki.

Mawu amene mudzawaone kapena kuwamva

- Bilhete: tikiti.
- Reserva: malo amene akusungirani m'ndege.
- Passageiro: wapaulendo.
- Titular do cartão: mwini khadi.
- Validade: deti limene khadi lidzathere mphamvu.
- Últimos quatro dígitos: manambala 4 omalizira.
- Autorização: cilolezo.
- Comprovativo de pagamento: pepala losonyeza kuti munalipira.
- Reembolso: kubweza ndalama.
- Embarque: kukwera ndege.

Yesani kuwerenga mawuwa mokweza, kenako muwalembe m'kope lanu. Tsiku lina mukadzawaona pa tikiti sadzakhala acilendo.

Musanacoke pakhomo

Usiku woti mawa ndi ulendo, ikani zinthu izi m'cikwama ca m'manja, osati m'sutukesi yopita kumbuyo kwa ndege:

- BI kapena pasipoti imene sinathe mphamvu.
- Tikiti yosindikiza papepala, kapena nambala yake yolembedwa bwino.
- Khadi limene linalipira tikiti, ngati ndi lanu.
- Fotokope ya khadi yophimba manambala apakati, fotokope ya ciphaso ca mwini khadi ndi kalata ya cilolezo, ngati anakulipirirani ndi wina.
- Risiti, ngati munagula ndi ndalama pamanja.
- Nambala ya foni ya amene anakugulirani tikiti, yolembedwa papepala.

Mapepalawa muwasunge mpaka mutabwerako, cifukwa angathe kukufunsaninso pa ulendo wobwerera.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. N'cifukwa ciyani kampani ya ndege imataya ndalama tikiti ikagulidwa ndi khadi lobedwa?
2. Chulani manambala awiri a cinsinsi amene simuyenera kuuza munthu pa balcão.
3. Pa khadi palembedwa 03/28. Kodi khadili lidzatha mwezi uti, caka citi?
4. Acemwali anu ali ku Johannesburg akugulirani tikiti ndi khadi lawo. Ndi mapepala ati amene muwapemphe?
5. Munthu wina pa WhatsApp akugulitsa tikiti ya ku Maputo pa theka la mtengo. Mungamufunse mafunso otani musanatumize ndalama?
6. Lembani m'kope lanu kalata yaifupi ya cilolezo m'Cinyanja, ngati kuti mwagulira amayi anu tikiti. Musalembe manambala enieni a khadi lanu.